HABU IMODZI IKAFA, MAWILO ONSE AKUTSOGOLO ALEKA KUKOKA

Wolemba Mtolankhani Wathu

WALIRA mvula walira matope, anatero akuluakulu akale. Mvula ikayamba mu Novembala alimi a kuno kum'mawa amakondwera, koma oyendetsa magalimoto m'miseu ya dothi ya ku Chama ndi m'cigwa ca Luangwa amadziwa kuti nyengo ya mabvuto yafika. Ngakhale galimoto yokoka ndi mawilo onse anai nthawi zina imatitimira, mawilo akumbuyo ali kukumba matope pamene akutsogolo angoti duu. Ngati galimotoyo yanyamula wodwala kapena mai wapakati, kucedwa kotereku kungatayitse moyo.

Zikatero ambiri amafulumira kunena kuti giyabokosi yafa, nayamba kuwerenga ndalama zambiri. Koma kawirikawiri colakwa cimakhala m'kacipangizo kakang'ono kamene kali pakati pa wilo lakutsogolo, kamene amakanika amakacha habu.

NCHITO YA HABU

Nchito ya habu ndi kulumikiza wilo ku shafiti imene imabweretsa mphamvu ya injini, ndiponso kulimasula pamene galimoto iri pa mseu wabwino, kuti zitsulo zakutsogolo zisazungulire pacabe ndi kuononga mafuta. Nzeru imeneyi inafala kucokera mu 1948 pamene Arthur Warn wa ku America anayamba kupanga mahabu a magalimoto a Jeep amene anatsala pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse.

Pali mahabu amene woyendetsa amatsika ndi kuwapotokola ndi dzanja. Pali enanso odzitseka okha, monga amene ali pa magalimoto ena akale a Nissan Patrol ndi Mitsubishi Pajero. Woyendetsa akaika giya ya 4H kapena 4L shafiti imayamba kuzungulira, ndipo kacitsulo kopendekeka m'kati mwa habu kamakankha mano kuti alumane ndi mano a wilo. Pofuna kuimasula amabweza giya ku 2H, nabwerera m'mbuyo mamita awiri kapena atatu.

Cimene ambiri sacidziwa ndi ici: habu imodzi ikakana kuluma, mawilo onse awiri akutsogolo amaleka kukoka. Cifukwa cake n'cakuti difu, imene imagawa mphamvu ku mawilo awiriwo, imapereka mphamvu kumbali kopepuka. Motero shafiti ya habu yakufayo imangozungulira yokha, ndipo wilo la habu yabwino silandira kanthu.

ZIZINDIKIRO

Habu siifa mwakacetecete. Ikalephera kuluma bwino pamamveka phokoso la mano okukutana, lakuti kererere, makamaka galimoto ikamakoka mwamphamvu. Ikalephera kumasuka, kutsogolo kumamveka kulira kacilendo pa mseu wa tala ndipo mafuta amatha msanga.

Adani ake akulu ndi madzi, matope ndi dzimbiri. Galimoto ikaoloka mtsinje madzi amalowera pa labala yakutha, ndipo girizi amasanduka phala limene limauma ndi kumanga tizitsulo tonse. Nthawi zina sipulingi imathyoka, kapena mano amaperepeseka cifukwa woyendetsa amaika giya ya mawilo anai pamene mawilo akumbuyo ali kale kuzungulira mothamanga m'matope.

KAYESEDWE KAKE

Kuyesa habu sikulira zida zodula. Imikani galimoto pamalo osalala mutaimasula mahabu monga tafotokozera. Zimani injini, mangani handibuleki, ikani miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala, ndipo giya yaing'ono ikhale pa 2H.

Coyamba, kwezani wilo limodzi lakutsogolo ndi jeke ndi kulizungulitsa ndi dzanja. Liyenera kuzungulira lokha mopepuka. Ngati shafiti nayonso izungulira, habuyo yakana kumasuka. Musalowe kunsi kwa galimoto pamene yaima pa jeke yokha.

Caciwiri, tsitsani wilolo kuti matayala onse akhale pansi. Gwirani shafiti yaitali imene icokera ku giyabokosi yaing'ono kunka ku difu yakutsogolo, ndi kuipotokola ndi manja. Mahabu onse awiri akakhala amoyo mudzamva kuti kaka, ndipo shafitiyo idzakana kupitirira. Ikangozungulira osaima, dziwani kuti habu imodzi kapena zonse ziwiri siziluma. Pa magalimoto amene mashafiti a ku mawilo amaonekera, mbali imene shafiti izungulira wilo litaima ndiyo yodwala. Pamene mashafiti ali obisika, ndi bwino kutsegula mahabu onse awiri.

Magalimoto ena, monga Suzuki Jimny, ali ndi mahabu otsekedwa ndi mpweya umene injini imayamwa. Pa amenewa kuyesa kwaciwiriku sikuthandiza. Yambani mwayang'ana timapaipi ta labala topita ku mawilo, pakuti kang'alu kakang'ono kokha n'kokwanira kulepheretsa habu.

MANKHWALA AKE

Pomasula habu yalani tizitsulo pa nsalu yoyera motsatana monga mwaticotsera, kuti musasokoneze pobwezera. Titsukeni ndi parafini, tiume, ndipo yang'anani mano ndi sipulingi mofatsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati palibe cothyoka, pakani girizi pang'ono cabe, pakuti girizi woculuka ndi wolimba amaletsa mano kuyenda. Onaninso ngati wilo siligwedera, cifukwa mabering'i olekerera amaononga habu ngakhale yatsopano. Labala yakutha isinthidwe nthawi yomweyo.

Mano akatha palibe kucitira mwina koma kugula habu ina. Ambiri oyenda m'matope amasankha kuika mahabu opotokola ndi dzanja mbali zonse ziwiri. Cifukwa cake n'cakuti habu yodzitseka yokha imamasuka ndi kulumanso nthawi iri yonse galimoto ikasintha kucoka kutsogolo kunka m'mbuyo, ndipo kucita zimenezi mobwerezabwereza pofuna kutuluka m'matope kumatha mano msanga.

Langizo lathu kwa oyendetsa onse, makamaka a maambulansi ndi onyamula mbeu ndi feteleza kumidzi, ndi lakuti ayese mahabu ao mu Okutobala nthaka ikali youma. Nchitoyi siitenga ngakhale ola limodzi pabwalo la nyumba, koma pakati pa dambo usiku mvula iri kugwa ingathe kukugonetsani m'thengo.