Kudikira Khadi Limodzi ndi Ndalama za Nshawa

Nshawa zikagulidwa ku Petauke, nthoci zikayenda bwino pamsewu wa Great East pa Nyimba, ndalama masiku ano sizifika m'thumba. Zimalowa mu foni kupyolera mu Airtel Money kapena MTN, ndipo mu foni momwemo ndi mmene muli njuga. Kale wochova njuga anali kubisala kuseri kwa msika, anthu n'kumuona. Lero mwana amachova ali gone pamphasa, makolo n'kumati akuceza ndi anzake.

Pa masewera a makhadi a pa intaneti pali amene amachedwa poker. Ndi bwino makolo adziwe mmene amayendera, pakuti kungokalipa kuti "njuga ndi yoipa" mnyamata wa Grade 12 samva. Masamu ndiye angamve.

Makhadi onse alipo 52, a mitundu inai, mtundu uliwonse 13. Pa poker yochedwa Texas Hold'em munthu aliyense amalandira makhadi awiri obisa. Pathebulo amatsegula ena asanu a onse: atatu poyamba, kenaka limodzi, kenaka lotsiriza. Khadi lisanatsegulidwe anthu amabecha, ndipo wosafuna kulipira amatuluka.

Tinene kuti muli ndi makhadi awiri a cizindikiro ca mtima, ndipo pa atatu aja patuluka ena awiri a mtima. Muli ndi anai, pofunika asanu. Mtima wanu umagunda kuti zatheka, koma kunena zoona m'manja mulibe kanthu. Makhadi amene simunawaone ndi 47, ndipo okuthandizani ndi 9 cabe. Mwai woti khadi lotsatira likhale lanu ndi kamodzi pa kasanu, ndipo sukwana n'komwe. Mukadikira onse awiri otsala, mwai umafika pa 35 mwa 100. Ndiye kuti maulendo 65 mudzacoka manja lendee. Wofuna khadi la nambala imodzi yokha kuti mndandanda wake ukwanire ali pamoto woposa, cifukwa omuthandiza ndi makhadi 4.

Akatswiri sadikira mwa cikhulupiriro, amawerenga mtengo. Taonani. Kwatsala khadi lotsiriza, osaoneka ndi 46. Pathebulo pali K100, mnzanu waikapo K50, ndipo inu muyenera kulipira K50 kuti muone khadi lija. Mutacita zimenezi maulendo 46, mudzapambana 9, ulendo uliwonse K150, zonse pamodzi K1,350. Mudzaluza maulendo 37, ulendo uliwonse K50, zomwe ndi K1,850. Mwataya K500. Koma mnzanuyo akanaika K20 yokha, mukanapata K1,080 ndi kutaya K740, ndipo apo kudikira kuli ndi phindu. Makhadi ndi omwewo, casintha ndi mtengo. Ndiponso khadi lingabwere, inu n'kukondwa, osadziwa kuti wina ali ndi a mtima aakulu kuposa anu.

Pa mpikisano zinthu zimalimba kwambiri. Aliyense amalipira ndalama yolowera, eni kampani n'kutapapo yao coyamba, ndipo osewera amapatsidwa timiyala towerengera. Timiyala tikatha, mwatuluka. Nthawi ikamapita ndalama yokakamiza kuika imakwera, motero wosewera sangakhale phee kuyembekezera makhadi abwino. Mphotho imapita kwa ocepa, kawirikawiri 10 kapena 15 mwa anthu 100. N'cifukwa cake wodziwa amataya makhadi osakwana ngakhale aoneke okoma, maka pamene kwatsala pang'ono kuti afike pa olandira mphotho.

Cimene cinakopa dziko ndi nkhani ya Chris Moneymaker wa ku Tennessee, munthu wowerengera ndalama pa nchito yake. Mu 2003 iye anapeza malo kupyolera mu mpikisano wochipa wa pa intaneti, napita ku Las Vegas, napambana madola 2.5 miliyoni pa World Series of Poker. Nkhaniyi ndi yoona. Zimene sizikambidwa n'zakuti analowa anthu 839, malo amodzi ali madola 10,000, ndipo ambiri mwa iwo anabwerera kwao opanda kalikonse.

Kuno kum'mawa acinyamata ambiri sali pa poker, ali pa kubecha mpira ndi kandeke ka Aviator. Koma matenda ndi amodzi. Ndani sanamvepo mnyamata akudandaula kuti timu imodzi yokha ndiyo yamuonongera tikiti? Amaona ngati anafika pafupi. Ngati masewera ali khumi ndipo alionse angagwe uku kapena uku mofanana, mwai wolasa onse ndi umodzi pa 1,024. Kulasa asanu ndi anai sikusendeza munthu pafupi ndi tikiti ya mawa. Kumangomupatsa njala yobecha kaciwiri.

Mlimi angati, nanga ulimi si njuga? Funsoli n'lomveka. Amene anabyala kumapeto kwa 2023 anadikira mvula imene sinabwere, mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February 2024 kuti cilala cija ndi tsoka la dziko lonse. Komabe mlimi wocenjera saika mbeu yonse pa mvula yoyamba. Amasiyako ina, amabyala kandolo ndi nyemba, amasunga mbuzi. Ndipo kumwamba kulibe kampani imene imatapako gawo lake mvula isanagwe.

Ngakhale Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2413, sanena kuti makhadi pa okha ndi chimo. Amati colakwa cimayamba pamene masewera alanda munthu zofunika pa moyo wake ndi wa anthu amene iye awasamala. Kwathu kuno zofunikazo timazidziwa ndi maina: fataleza wa mu November, cigayo, yunifomu ya mwana mu January. Bambo amene wapatsa mwana wake nambala yacinsinsi ya foni kuti azimulandirira ndalama za mbeu ayambe wapempha kuona mauthenga a ndalama zotuluka a mwezi wathawu, awerenge limodzi ndi mai a kunyumba.