Ntchito Yolondera Nyanja Imene Inakathera M'ndende ya ku Benoni

Wattville ndi dera la mumzinda wa Benoni, m'chigawo cha Ekurhuleni, kum'mawa kwa Johannesburg. Kumeneko n'kumene kuli manda a Oliver Tambo, amene dzina lake linapatsidwa bwalo la ndege lalikulu la m'chigawochi m'chaka cha 2006. M'derali mulibe nyanja, ndipo doko la Maputo lili pa mtunda wa makilomita oposa 400. Komabe n'kuno kumene mlandu waukulu wokhudza chitetezo cha panyanja m'chigawo chathu cha kumwera kwa Africa unafikira poyera.

Pa 29 Disembala 2018, apolisi a ku South Africa anamanga a Manuel Chang pa bwalo la ndege la O.R. Tambo. A Chang anali nduna ya zachuma ya dziko la Mozambique kuyambira 2005 mpaka 2015. Mlandu wao unayamba kumvedwa ku khoti la Kempton Park, ndipo iwo anasungidwa m'ndende ya Modderbee, kufupi ndi Benoni, kwa zaka zinayi ndi theka, pamene maiko a Mozambique ndi America ankalimbirana kuti akaweruzidwe kwao. Gwero la zonsezi linali ntchito imene, papepala, cholinga chake chinali kuthana ndi mbava za panyanja. Nkhaniyi ili ndi phunziro kwa aliyense woyendetsa ntchito zachitukuko zodalira ndalama zakunja, kaya ndi za usodzi kaya za ulimi.

Vuto linalipodi

Palibe amene angatsutse kuti Mozambique inkafunika kulondera nyanja yake. Gombe la dzikolo ndi lalitali makilomita oposa 2,400, ndipo zombo zakunja zakhala zikupha nsomba m'madzi ake popanda chilolezo kwa zaka zambiri. M'chaka cha 2008 chombo chotchedwa Antillas Reefer chinagwidwa chili ndi nsomba za shaki matani oposa 40, boma n'kuchilanda. Kumapeto kwa 2010 achifwamba a ku Somalia analanda chombo chausodzi cha Vega 5 m'madzi a Mozambique, zimene zinachititsa kuti m'chaka cha 2011 South Africa itumize asilikali ake apamadzi kukalondera pakati pa Mozambique ndi Madagascar. M'zaka zomwezo kunapezeka gasi wochuluka pansi pa nyanja kumpoto, m'dera la Rovuma, ndipo zinali zachidziwikire kuti malowo adzafuna chitetezo.

Choncho m'zaka za 2013 ndi 2014 kunakhazikitsidwa makampani atatu a boma. ProIndicus inayenera kulondera gombe pogwiritsa ntchito maboti othamanga ndi makina a radar. EMATUM inayenera kupha nsomba za tuna. MAM inayenera kumanga malo okonzera zombo. Makampaniwa anakongola ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB: ProIndicus madola 622 miliyoni, EMATUM 850 miliyoni, MAM 535 miliyoni. A Chang anasaina zikalata zolonjeza kuti makampaniwa akalephera kubweza, boma ndilo lidzabweze.

Pamene zinthu zinakhotera

Zolakwika za ntchitoyi zinali m'kayendetsedwe kake, ndipo zinayamba chombo chili chonse chisanafike pa doko. Choyamba, zikalata za boma zija zinapitirira malire amene lamulo la bajeti linaika, ndipo Nyumba ya Malamulo sinafunsidwe. Ngongole za ProIndicus ndi MAM zinabisidwa kwa nzika za dzikolo ngakhalenso kwa mabungwe amene ankathandiza boma pa bajeti.

Chachiwiri, ntchito yonse inapatsidwa kwa kontrakitala mmodzi, kampani ya Privinvest ya ku Abu Dhabi, popanda kuitana ena kuti apikisane naye pa mitengo. Ndalama za ngongolezo sizinadzere ku thumba la boma la Mozambique, koma zinachoka ku mabanki kupita kwa kontrakitalayo mwachindunji. Motero wogulitsa katundu ndiye ananena zimene dziko likusowa, mtengo wake, ndi phindu limene lidzapezeke.

Chachitatu, makampani atatuwa anali m'manja mwa akuluakulu a bungwe la akazitape a boma, la SISE, ndipo onse anali ndi mkulu mmodzi, a António Carlos do Rosário. Wofunsa mafunso ankayankhidwa kuti nkhaniyo ndi chinsinsi cha chitetezo cha dziko. Apa ndipo pamene ntchito zolimbana ndi umbanda zimasiyana ndi ntchito zina. Pa ntchito yofalitsa mbewu yatsopano ya chimanga, mlimi amaona yekha ngati mbewuyo yabereka kapena ayi. Koma nyanja ili kutali ndi maso a anthu, ndipo mawu akuti chitetezo amatseka pakamwa ngakhale aphungu. Mlonda wa nkhokwe amene salola mwini chimanga kusuzumira m'kati amafunika kumulondera iyenso.

Zotsatira zake

Chinsinsicho chinaululika m'mwezi wa Epulo 2016. Bungwe la IMF linaimitsa thandizo lake, ndipo maiko ndi mabungwe 14 amene ankathandiza pa bajeti anachitanso chimodzimodzi. Ndalama ya metical inataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake m'chaka chimodzi, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho mitengo ya zinthu inali itakwera kupitirira 20 peresenti. Izi zinagwa pamwamba pa chilala cha El Niño chimene chinaononga mbewu m'chigawo chonse cha SADC m'nyengo ya 2015/16. Mlimi wa ku Angónia kapena ku Lichinga, amene sanaonepo maboti a EMATUM, anaona feteleza, mafuta ndi sopo zikukwera mtengo. Kafukufuku amene anatulutsa m'chaka cha 2021 mabungwe a Centro de Integridade Pública a ku Maputo ndi Chr. Michelsen Institute a ku Norway anayerekeza kuti dzikolo linataya madola osachepera 11 biliyoni, ndipo anthu pafupifupi 2 miliyoni anagwera mu umphawi.

Kampani ya Kroll, imene inafufuza mabuku a makampaniwa ndi thandizo la dziko la Sweden, inatulutsa chidule cha lipoti lake m'mwezi wa Juni 2017. Inapeza kuti madola 500 miliyoni sanadziwike kumene anapita, ndiponso kuti mitengo ya katundu inaoneka kuti inakwezedwa ndi madola oposa 700 miliyoni. Maboti 24 ophera tuna, amene anapangidwira ku Cherbourg m'dziko la France, anakhala zaka akuchita dzimbiri pa doko la Maputo.

Makhoti anayamba kugwira ntchito pambuyo pake. Khoti loona za malamulo aakulu a Mozambique linagamula mu 2019 ndi 2020 kuti ngongolezo zinatengedwa mosatsata malamulo. Mu 2021 banki ya Credit Suisse inavomera kulipira chindapusa cha madola pafupifupi 475 miliyoni ku America ndi Britain. M'mwezi wa Disembala 2022 khoti la ku Maputo linapeza anthu 11 olakwa, kuphatikizapo a do Rosário ndi a Ndambi Guebuza, mwana wa pulezidenti wakale, amene analamulidwa kukhala m'ndende zaka 12. A Chang anachoka ku South Africa m'mwezi wa Julayi 2023, anapezeka olakwa ku New York mu Ogasiti 2024, ndipo mu Januwale 2025 analamulidwa kukhala m'ndende zaka zisanu ndi zitatu ndi theka. Khoti linamva kuti iwo analandira ziphuphu za madola 7 miliyoni.

Njira ina

M'nyanja yomweyo, m'zaka zomwezo, munayesedwa njira ina. Kumapeto kwa 2012 maiko a Comoros, Kenya, Mozambique, Seychelles ndi Tanzania anayambitsa gulu la FISH-i Africa mothandizidwa ndi bungwe la Stop Illegal Fishing la ku Gaborone. Pambuyo pake Madagascar, Mauritius ndi Somalia analowa nawo. Gululi silinagule zombo. Ntchito yake inali yakuti oyang'anira usodzi a maikowa aziuzana msanga za mayina a zombo, ziphaso zao ndi njira zimene zadutsa monga momwe makina a satelayiti akusonyezera.

Chipatso chake chinaoneka msanga pa nkhani ya chombo cha Premier cha ku South Korea, chimene chinkaganiziridwa kuti chinapha nsomba mosaloledwa m'madzi a Liberia. Chitafika ku nyanja ya India, maiko a m'gululi anauzana, ndipo ena anakana kuchipatsa chiphaso, ena anakana kuti chitsitse nsomba pa madoko ao. Mu 2013 nkhani ya chombochi ndi china chinzake inatha pamene dziko la Liberia linalipidwa madola 2 miliyoni. Nzeru yake ndi yapafupi: chombo chili chonse, ngakhale chitapita kutali bwanji, chiyenera kubwerera pa doko kukagulitsa nsomba ndi kumwa mafuta. Mutu umodzi susenza denga, koma madoko akagwirizana wakuba amasowa kotsitsira katundu. Mfundo yomweyi ndiyo maziko a pangano la FAO lokhudza udindo wa maiko okhala ndi madoko, limene linayamba kugwira ntchito mu 2016.

Maiko a SADC anayala maziko a mgwirizano wotere kale, pamene atsogoleri ao anasaina pangano la zausodzi mumzinda wa Blantyre mu Ogasiti 2001. Chikalata chokhazikitsa likulu loona za kalondolondo wa usodzi m'chigawochi, limene malo ake ndi Maputo, chinayamba kugwira ntchito mu 2023. Malawi ndi Zambia, ngakhale alibe gombe, nkhaniyi ikuwakhudza, chifukwa maukonde oletsedwa ndi usodzi wa m'nyengo yotseka ndi mavuto a pa Nyanja ya Malawi, Kariba ndi Tanganyika.

Zofunika kufunsa

Sikuti maboti olondera ndi osafunika. Pali nthawi imene chombo chiyenera kuthamangitsidwa ndi kugwidwa pakati pa nyanja. Koma kusiyana kwa ntchito ziwirizi kukusonyeza mafunso amene woyendetsa ntchito ayenera kuyankha ndalama zisanatuluke. Kodi amene anayeza kukula kwa vutolo ndi munthu wosiyana ndi wogulitsa zipangizo? Kodi ntchitoyo yayesedwa pang'ono, monga momwe mbewu imayesedwera pa kamunda kakang'ono isanapite kwa alimi? Kodi pali ndalama za mafuta, zokonzera makina ndi zophunzitsira antchito zipangizo zikafika? Ndipo kodi aphungu ndi oyang'anira mabuku a boma ali ndi ufulu woona zikalata zonse, ngakhale zolembedwa kuti ndi zachinsinsi?

Ku Mozambique mafunsowa anafunsidwa mochedwa, ndipo anafunsidwa ndi makhoti a Kempton Park, Maputo ndi New York. Pofika nthawiyo ngongole inali itagwera kale anthu wamba, kuphatikizapo mabanja a kumidzi amene amadalira ndalama zotumizidwa ndi abale ao ogwira ntchito ku Benoni ndi m'mizinda ina ya ku Joni.