Nthambo ya GPS pa boti: nkhani yagona polumikiza

Tauni ya Banket ili pamsewu waukulu wochoka ku Harare kupita ku Chirundu, makilomita pafupifupi 95 kuchokera ku likulu la dziko la Zimbabwe. Dera limeneli limadziwika ndi ulimi wa fodya, chimanga ndi tirigu. M'makomboni a m'mapulazi ake Chichewa chakhala chikumveka kuyambira nthawi ya atsamunda, pamene anthu a ku Malawi ankafika kudzagwira ntchito, ena atayenda wapansi, ena atalembedwa ndi Mthandizi.

Koma si khasu lokha limene limadyetsa anthu kumeneko. Pafupi ndi tauniyi pali damu la Mazvikadei, limene linamangidwa pamtsinje wa Mukwadzi ndipo linatha mu 1988. Madzi ake ndi a ulimi wothirira, komanso muli nsomba zimene zimakopa asodzi. Kuyambira m'chaka cha 2000, pamene mapulazi ambiri anagawidwa ndipo antchito ochuluka anatsala opanda ntchito, mabanja ena anayamba kudalira usodzi, maganyu ndi timalonda. Msewu womwewo wodutsa pa Banket umapitirira ku Chinhoyi ndi Karoi mpaka pa Makuti, pamene pali mphambano yotsikira ku Nyanja ya Kariba. Kumeneko kuli ntchito yopha kapenta, kansomba kofanana ndi usipa kamene kanabweretsedwa kuchokera ku Nyanja ya Tanganyika m'zaka za 1967 ndi 1968.

Kapenta amaphedwa usiku pogwiritsa ntchito nyali. Nyanja ya Kariba ndi yaitali makilomita oposa 200, muli mitengo imene inamira pamene madzi ankadzaza chigwacho, ndipo malire a Zimbabwe ndi Zambia anadutsa pamadzi pomwepo, popanda chipilala kapena mpanda. Msodzi wodumpha malirewo, ngakhale mosadziwa, akhoza kumangidwa n'kulandidwa zipangizo. Apa ndi pamene makina a GPS, amene amasonyeza malo enieni pamene boti lili, amasanduka chida chopulumutsa moyo ndi katundu.

Makina otere akagulidwa, makamaka ogwiritsidwapo kale ntchito, amabwera ndi eriyo yooneka ngati bowa ndi nthambo yaitali, nthawi zina ya mamita 10, pamene boti lenilenilo silifika ngakhale mamita 6. Nthambo yotsalayo imakola miyendo, imakodwa m'maukonde, imapondedwa m'madzi a pansi pa boti. Funso limabwera lokha: kodi ikhoza kudulidwa? Yankho la amisiri n'lakuti kawirikawiri ikhoza. Koma makina ambiri amene amasiya kugwira ntchito atadulidwa nthambo amafa chifukwa cha kalumikizidwe, osati chifukwa cha kufupika kwa nthamboyo.

Mmene makinawa amagwirira ntchito

GPS ndi ndondomeko ya dziko la America imene inayamba kugwira ntchito mokwanira mu 1995 ndi masetilaiti 24. Masetilaitiwa amazungulira dziko kawiri pa tsiku, ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200. Iliyonse imaulutsa uthenga wonena pamene ili ndi nthawi imene uthengawo wanyamuka. Makina a m'boti akalandira uthenga kuchokera ku masetilaiti osachepera anayi, amawerengetsa okha malo pamene ali. Mpaka mu Meyi 2000, boma la America linkasokoneza dala uthengawo kwa anthu wamba, moti makina ankatha kuphonya ndi mamita pafupifupi 100. Chiletsocho chitachotsedwa, kuphonyako kunatsika kufika pa mamita ochepa chabe.

Pofika pansi pano uthengawo umakhala wofooka kwambiri, ngati kunong'ona kwa munthu amene ali tsidya lina la dambo. Ukamayenda m'nthambo umafookerako. Nthambo yopyapyala ya mtundu wa RG-58, imene imapezeka kwambiri m'maboti, imatha kutaya theka la mphamvu ya uthengawo pa mamita 3 mpaka 5 aliwonse. N'chifukwa chake eriyo zambiri zili ndi kachipangizo m'kati kokweza mphamvu ya uthenga usanalowe m'nthambo. Kachipangizoko kamadya magetsi ochepa, mavoti 3 mpaka 5, amene amakwera kuchokera ku makina kudzera m'nthambo yomweyo.

Pamenepa pali mfundo ziwiri. Yoyamba, kufupikitsa nthambo sikufooketsa uthenga. M'malo mwake umafika wamphamvuko. Yachiwiri, kutalika kwa nthambo sikusintha malo amene makina akusonyeza, chifukwa uthenga wa masetilaiti onse umachedwa mofanana m'nthambomo. Malo amene amaoneka pagalasi ndi pamene pali eriyo.

Eriyo zilipo mitundu iwiri

Safunsa anadya phula. Munthu asanagwire mpeni ayenera kudziwa mtundu wa eriyo imene ali nayo, popeza kunja zimaoneka zofanana.

Mtundu woyamba uli ndi nthambo yobulungira, yokhala ndi waya mmodzi wa kopa pakati. Wayayo amakutidwa ndi pulasitiki woyera, pamwamba pake pali timawaya tolukana ngati dengu, kenaka khungu lakunja. Kumapeto kwake kuli pulagi yachitsulo yokhala ndi kasingano pakati. Mapulagi otere ali ndi mayina monga BNC, TNC ndi SMA, ndipo salowana.

Mtundu wachiwiri uli ndi makina onse owerengetsera m'kati mwa bowa momwemo. Nthambo yake ili ndi timawaya tingapo tamitundu yosiyanasiyana: tina timatenga magetsi a mavoti 12 kuchokera ku batire, tina timanyamula manambala owerengetsedwa kale. Nthambo yotere ikakhala yothera ndi mawaya apoyera, kuifupikitsa n'kosavuta. Chofunika n'kuchotsa batire kaye, kulemba papepala pamene waya wa mtundu uliwonse walowa, ndi kubwezera fyuzi m'malo mwake. Kusinthanitsa waya wa magetsi ndi wa manambala kukhoza kuwotcha eriyo nthawi yomweyo.

Palinso nthambo ina imene siyenera kusokonezedwa ndi ziwirizi. Makina ambiri a GPS amakhalanso ndi mbali yoyezera kuya kwa madzi ndi kuona nsomba. Nthambo yopita ku kachipangizo ka pansi pa boti, makampani ambiri amaletsa kuidula. Makina akakhala atsopano, kudula nthambo iliyonse kungathenso kuthetsa pangano lakuti akawonongeka adzakonzedwa kapena kusinthidwa kwaulere.

Ngozi ili pa pulagi

Vuto lalikulu lili pa mtundu woyamba uja. Nthambo ya waya wapakati silumikizidwa ngati waya wa babu, pongopota ndi kukulunga pulasitiki. Kulumikiza kotero kumabweza uthenga m'mbuyo ndipo kumalowetsa madzi. Njira yoyenera ndi kudula mbali ya kumakina, kumene sikunyowa kwambiri, n'kuikapo pulagi yatsopano ya mtundu womwewo, yolingana ndi kunenepa kwa nthamboyo.

Posenda khungu, mpeni usakhudze waya wapakati, chifukwa akangotemeka pang'ono amadzathyoka ndi kunjenjemera kwa injini. Timawaya tolukana tija timapindidwira m'mbuyo tonse. Kawaya kamodzi kokha, kochepa ngati tsitsi, kakakhudza kasingano kapakati, magetsi opita ku eriyo amagundana. Zikatero eriyo imazima, makina amangolemba kuti akufunafuna masetilaiti, ndipo makina ena, makamaka akale, amatha kupsa mbali imene imatulutsa magetsiwo. Pulagi yopanidwa imafuna chopanira chake chenicheni. Pulaya wamba amangoiphwanya. Yowotcherera imafuna dzanja lofulumira, chifukwa kutentha kukachuluka pulasitiki woyera uja amasungunuka.

Mmisiri wosamala amayeza ndi mita ya magetsi pakati pa kasingano ndi chitsulo chakunja cha pulagi asanadule, n'kulemba nambala imene wapeza. Akamaliza ntchito amayezanso. Mita ikasonyeza kuti ziwirizo zagundana, pulagiyo isalowetsedwe m'makina. Amisiri okonza mawailesi ndi oika madishi a kanema, amene amapezeka m'matauni monga Chinhoyi, amaizolowera ntchito yotere. Komabe ayenera kuuzidwa kuti nthambo ndi mapulagi a dishi, amene ndi a maohm 75, n'zosiyana ndi za GPS zambiri, zimene ndi za maohm 50.

Madzi a m'damu sadya chitsulo msanga ngati a m'nyanja yamchere, koma akalowa pa pulagi amayenda m'timawaya tolukana tija monga palafini amakwerera m'chingwe cha koloboyi. Pakapita miyezi kopa amada, ndipo makina amayamba kutaya masetilaiti nthawi ya mvula, pamene akufunika kwambiri. Pulagi iliyonse yokhala panja iyenera kukulungidwa ndi tepi ya labala yodzimata yokha. Polowa m'bokosi kapena m'kanyumba ka boti, nthambo itsike kaye pang'ono kenaka ikwere, kuti madzi azidontha pansi asanafike polowera.

Kukulunga m'malo modula

Pamene palibe pulagi yoyenera kapena chopanira, nzeru ndi kusadula. Eriyo inapangidwa kuti izigwira bwino ntchito ndi nthambo yonse imene inabwera nayo, choncho kutalikako pakokha sikuwononga kanthu. Yotsalayo ikulungidwe momasuka ngati nkhata yaikulu, yotambalala ngati mbale ya nsima, n'kumangiriridwa pamalo ouma, kutali ndi injini, jenereta ndi mawaya a nyali. Kuipinda mwamphamvu, kuipana ndi chitseko kapena kuikhomerera ndi misomali kumaphwanya pulasitiki wam'kati ngakhale kunja ikuoneka yabwinobwino.

Amene asankha kudula asiye theka la mita lapadera, kuti pulagi ikadzawonongeka padzakhale podulanso. Madzi akatayika saoleka: nthambo yofupikitsidwa mopyola muyezo imafuna kuilumikiza pakati, ndipo polumikiza paliponse ndi khomo la chinyezi.

Malo a eriyo nawo ndi ofunika. Sifuna kukwezedwa pamwamba kwambiri ngati ya wailesi, popeza pamwamba m'pamene boti limagwedezeka kwambiri. Imangofuna kuona thambo mbali zonse, popanda denga la malata kapena chitsulo choiphimba, ndiponso italikirane ndi eriyo ya wailesi yolankhulirana. Ntchito ikatha, makina ayesedwe padoko masana. Tsamba losonyeza mphamvu ya masetilaiti liyerekezedwe ndi mmene linalili nthambo isanadulidwe, ndipo pulagi igwedezedwe pang'ono kuti zioneke ngati uthenga ukuduka.

Chida cha gulu

Alangizi amene amagwira ntchito ndi magulu a asodzi amadziwa kuti chipangizo chogulidwa ndi ndalama zosonkherana chikawonongeka, mkangano wake umaposa mtengo wa chipangizocho. N'kwabwino kuti gulu lisankhe munthu mmodzi kapena awiri osamalira makina, lisunge kabuku kake pouma, ndipo ligwirizane kuti palibe wodula kapena kulumikiza waya aliyense payekha. Malo ofunika amene asungidwa m'makina, monga doko, zitsa za m'madzi, matanthwe ndi madera oletsedwa kuphamo nsomba, alembedwenso m'kope.

Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi GPS m'kati, ndipo amalandiranso uthenga wa masetilaiti a GLONASS a ku Russia, Galileo a ku Ulaya ndi BeiDou a ku China. Foni yoikidwa m'thumba losalowa madzi, yokhala ndi mapu osungidwiratu, ikhoza kuthandiza makina a boti akazima, ngakhale kumene kulibe netiweki. Koma batire limatha, ndipo nthambo imathyoka. Achinyamata amene akuphunzira ntchito ya pamadzi ayenera kuphunziranso kwa akuluakulu kuzindikira mapiri, nyenyezi ndi kayendedwe ka mphepo, ndi kuvala jekete yoyandamitsa nthawi zonse boti lisanachoke padoko.