Loboti yothamanga kwambiri imathera kukhoma

Mukamva mawu oti loboti, ambiri a inu mumaganiza za magetsi a pamsewu aja, ofiira ndi obiriwira. Ine ndikunena loboti inayo, makina amene ana asukulu amalumikiza okha n'kupita nawo ku mpikisano. Umodzi mwa mipikisano yotchuka ndi FIRST Global Challenge, umene unayamba mu 2017 ku Washington. Unachitikirapo ku Dubai mu 2019 komanso ku Athens mu 2024, ndipo Malawi nayo yatumizako achinyamata ake. Dziko lililonse limabwera ndi timu imodzi, ya azaka 14 mpaka 18.

Chimene chimandisangalatsa ndi chakuti matimu onse amalandira bokosi la zipangizo zofanana. Mota yomwe ali nayo mwana wa ku Germany ndi yomweyo imene mungagwire inu a ku Kauma. Ndiye kusiyana kumabwera pati? Pa fizikisi yomwe mumaigonera masana ija.

Tiyambe ndi magiya, chifukwa apa ndi pamene ophunzira anga amakangana nane kwambiri. Aliyense amafuna loboti yaliwiro. Koma taonani wakabaza akafika pachitunda atanyamula munthu ndi thumba la ufa: ngati njinga yake ili ndi magiya, amaponya tcheni pa giya yaikulu yakumbuyo. Amayenda pang'onopang'ono koma amakwera. Loboti ndi chimodzimodzi. Giya ya mano 12 ikamazunguza ya mano 36, liwiro limatsika katatu, pamene mphamvu yozunguza, imene m'buku mwanu ndi torque, imakwera pafupifupi katatu. Simungapeze zonse ziwiri. Mukafuna china, mulipira ndi chinzake.

Werengerani musanamange. Tayala la masentimita 9 kupingasa limayenda masentimita 28 likazungulira kamodzi. Likamazungulira ka 120 pa mphindi, ndiye kuti kawiri pa sekondi, loboti ikuyenda masentimita 56 pa sekondi. Liwiro limenelo ndi lokwanira. Masewera amodzi ku FIRST Global amatenga mphindi ziwiri ndi theka basi, ndipo loboti yothamanga mopitirira imathera nthawiyo ikugunda khoma, woyendetsa ali thukuta kamukamu kuibweza.

Kenako kulemera. Batire ndi mamota, ikani pansi, pakati pa matayala. Mukakweza centre of gravity, loboti ikangotambasula mkono itanyamula mpira, imagwa chafufumimba. Pajatu ngakhale basi imene yasenza katundu wambiri padenga imapendama pakona.

Koma zimene zimapha maloboti ambiri ndi zazing'ono, zochititsa manyazi kuzitchula: waya wosomoka, bawuti yomasuka ndi kunjenjemera kwa mota, batire losatchajidwa. Mangani mawaya anu pamodzi, lembani chizindikiro pa uliwonse, ndipo malizani kumanga nthawi ikadalipo kuti muiyendetse masiku ambiri. Loboti yonyansa imene yayesedwa ka 50 ndimaikhulupirira kuposa yokongola yomalizidwa usiku wa dzulo. Iyendetseni pa simenti, pa mkeka, ngakhale pafumbi la mu Okutobala, muone mmene friction imasinthira khalidwe lake.

Mwina mukuti, aphunzitsi, bokosi limenelo tilipeza kuti ife? Simufunika kulidikira. Printa yakufa ndi DVD yakale zili ndi mamota ndi timagiya, ndipo okonza mawailesi ena amazitaya. Ngati munapangapo galimoto yamawaya yokhota ndi chiwongolero, theka la ntchito mumalidziwa kale. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anapanga magetsi a mphepo ndi zidutswa za njinga ndi zitsulo zotola.

Kalabu yanu ikapeza kabolodi ka Arduino, samalani chinthu chimodzi. Phini lake limodzi limayenera kutulutsa mamiliampu 20 okha, pomwe mota yaing'ono imakoka mazana angapo, makamaka tayala likakanirira. Mukalumikiza mota mwachindunji, phinilo lipsa. Pakati pake pamafunika motor driver, monga L298N, kuti Arduino izingolamula, mphamvu izichokera ku batire. Ndipo mabatire a lithium ochotsa mu laputopu yakale musawasewere nawo. Lotupa kapena lobooka limatha kuyaka moto, choncho tchajani pali mphunzitsi, pa simenti, kutali ndi makope.

Sabata ino gawanani ntchito: wina wojambula, wina wa mawaya, wina wa pulogalamu, wina woyendetsa. Jambulani loboti yanu pa pepala ndi miyeso yake, muwerengere liwiro lake monga tachitira pamwambapa, mubweretse Lachitatu tikaweruka. Screwdriver mugwira ndikaona masamuwo.