Chipata ili pafupi, koma ndi ulendo wa maola angati?

Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 140 okha. Blantyre ili kutali kuwirikiza kawiri. Komabe Amalawi ambiri amene amadziwa siteji iliyonse ya mumsewu wa M1 sanapondeko mu Chipata, likulu la chigawo cha kummawa kwa Zambia, kumene mayi wogulitsa mtedza pamsika wa Kapata amakuyankha m'chinenero chako chomwe, kungoti kumeneko amati Chinyanja.

Kale Chipata inkatchedwa Fort Jameson, masiku amene Mchinji inali Fort Manning. Ndi kwawo kwa Angoni a Mpezeni, amene amachita mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni mwezi wa February. Ukapitirira pang'ono wafika ku Katete, kwa Kalonga Gawa Undi, kumene mafumu a Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amasonkhana pa Mkaika mwezi wa August kukachita Kulamba. Kutsogolo kuli Sinda, Petauke ndi Nyimba, ndipo khutu limayamba kumva Chinsenga. Onsewa ali m'mbali mwa msewu umodzi, Great East Road, wopita ku Lusaka.

Akatswiri a zamtengatenga akafuna kudziwa ngati maulendo a pakati pa mizinda akuyenda bwino, sawerenga mtunda wokha. Amatenga nthawi yonse, kuyambira pamene munthu wakhala pampando mpaka pamene watsika komwe amapita, n'kuigawa ndi makilomita. Amaonanso mtengo wa kilomita imodzi, ndi kuti munthuyo wasintha galimoto kangati. Tikauyeza chotero msewu uwu, zimene zimatuluka zimandiwawa mtima.

Chipata ndi Lusaka zatalikirana makilomita oposa 550. Koma ndi basi imodzi, tikiti imodzi. Imanyamuka mbandakucha, imachepetsa liwiro m'mapiri okhotakhota a kufupi ndi Luangwa, n'kuima pafupi ndi mlatho wa pamtsinje wa Luangwa womangidwa mu 1968, pamene amayi amayala nsomba zouma ndi madengu. Dzuwa likamapendeka, munthu ali kale mu Lusaka.

Nanga kachigawo kathu kakafupika? Mabasi ochoka ku Lilongwe mpaka ku Lusaka alipo, koma ndi owerengeka. Anthu wamba amakwera minibasi m'depoti, n'kukhala momwemo katundu ali pamiyendo, kondakitala akulonjeza kuti kwatsala anthu awiri okha. Ikanyamuka imaima pa Namitete, imaima pa Kamwendo, apa kutsitsa matumba, apo kudikira wina amene akuthamanga kuchokera kumsika. Pa boma la Mchinji ulendo wa minibasi wathera pomwepo. Pakufunika takisi yopita kuchipata cha malire, nayonso sichoka isanadzaze, anthu anayi kumbuyo. Ukawoloka pa Mwami, n'kusintha makwacha athu kukhala makwacha awo, ukwerenso takisi ina. Galimoto zitatu, kulipira katatu, kudikira katatu. Mtunda umene mwini galimoto yake amautha m'maola awiri kapena atatu umatha kumudyera mnzake theka la tsiku.

Mu December 2022 atsogoleri a mayiko awiriwa, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, anatsegula chipata chophatikizana cha Mchinji ndi Mwami, kuti munthu aziima kamodzi kokha m'malo modindisa mbali ino n'kukaimanso pamzere mbali inayo. Ndi ntchito yotamandika, makamaka kwa oyendetsa mathiraki. Njanji nayo inafika ku Chipata kuchokera ku Mchinji mu 2010, ngakhale kuti sinapepuze ulendo wa munthu wamba. Koma maola a mayi wa geni satayika pa tebulo la chidindo pokha. Ambiri amathera m'galimoto yoima, injini ili chete.

Ndikadakonda amene amawerengera za msewu uwu akadayambira m'depoti ya Lilongwe, atakhala pampando wa minibasi wotchi ili m'manja, osaiyimitsa mpaka atatsika pa Kapata. Akachitenso chimodzimodzi sabata ya Kulamba, pamene agogo athu a ku Dowa ndi ku Dedza amadzaza msewu umenewu kupita kwa mfumu yawo.