Kukonza Lole Yakale ya Ana Pamodzi ndi Ngolo Yake

Tsiku lina bambo wina wacikulire wa kuno ku Angonia anafika pakhomo pathu atanyamula thumba la feteleza. Atamasula, munatuluka lole ya ana yacitsulo pamodzi ndi ngolo yake, zonse zitadyeka ndi dzimbiri. Anati atate ake anabwera nayo kucokera ku Salisbury, kumene lero timati Harare, atapatsidwa ndi mzungu amene ankamugwirira nchito. Pothawa nkhondo kupita ku Malawi anaikwirira pansi pamodzi ndi makasu, ndipo anadzaifukula atabwerera, mtendere wa 1992 utabwera. "Abusa, cinthu ca atate anga cimene catsala ndi cimeneci basi. Ndifuna adzukulu aseweretse. Ndicite bwanji?"

Inu atsogoleri a makalasi mumayenda m'midzi yambiri, ndipo zinthu zotere mudzaziona m'makomo ndi pa misika ya kalamidade. Ncifukwa cake ndalemba m'mene tinakonzera, kuti wina akakufunsani mukhale ndi comuyankha.

Coyamba: ifufuzeni musanaigwire

Cimene mwapala sicibwereranso. Cotero musanatenge nyundo, itsukeni ndi madzi a sopo, muiumitse, muone ngati pali zolembedwa pa citseko, pa matayala kapena kunsi kwake. Zonsezo zilembeni m'kope, ndipo mujambule m'mene zigawo zalumikizirana.

Pa citseko cimodzi ca lole imeneyi tinawerenga mau akuti Tonka Toys, ndipo m'munsi mwake Mound Metalcraft. Kampani imeneyi inayamba mu 1946 m'tauni ya Mound, ku Minnesota, m'dziko la America. Poyamba inkapanga zipangizo za m'dimba, koma mu 1947 inayamba zoseweretsa zacitsulo, ndipo mu 1955 inasintha dzina kukhala Tonka Toys. Mu 1991 inagulidwa ndi Hasbro. Dzina lakale lija limapezeka pa zoseweretsa za zaka zoyambirira zokha, ndiye tinadziwa kuti lole ya mnzathuyu yapitirira zaka 60. Onani, kacizindikiro kakang'ono katiuza kwao kwa cinthu ndi msinkhu wake!

Apa ndi pamene mwini wake ayenera kusankha. Ngati penti yoyamba ikadalipo yambiri, musapake ina ai. Tsukani, dontheza timafuta m'matayala, ikani pa alumali. Anthu osonkhanitsa zinthu zakale ku America ndi ku Ulaya amaona ya penti yoyamba, ngakhale yokalika, kuti ndi ya mtengo kuposa yopakidwanso. Koma ngati dzimbiri lalowa, kuisiya ndiko kuitaya.

Dziwaninso mtundu wa citsulo. Tengani maginito a m'sipika ya wailesi yakufa. Akamamatira, ndi citsulo ceniceni, conga ca Tonka. Akakana, ndi nthaka yacitsulo yosungunula yochedwa zinki, imene anaumbira tigalimoto ta Dinky, Corgi ndi Matchbox. Timeneto tisamizidwe mu viniga, pakuti amatidya.

Caciwiri: kumasula

Malole amenewa anawalumikiza ndi timalilime tacitsulo topinda ndi maliveti. Kalilime kaongoleni pang'onopang'ono ndi pulaya, kamodzi kokha, cifukwa citsulo copindapinda cimatopa nkuthyoka. Liveti mubowole mutu wake wokha. Tizigawo tonse muike m'citini cimodzi. Malo ophwanyika, ikani kathabwa kuseri nimumenye ndi kanyundo mofatsa. Kumenya kwamphamvu kumatambasula citsulo ndipo sicibwereranso m'malo. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Cacitatu: dzimbiri ndi penti yakale

Mwana wa bambo uja anali atapakapo kale penti yotsala ku citseko ca nyumba, pamwamba pa dzimbiri. Inakongola miyezi yocepa, koma dzinja litafika inatukusira ngati nthomba. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Dzimbiri limabwera pamene citsulo cakumana ndi madzi ndi mpweya, ndipo lili ngati cinkhupule: limasunga cinyezi. Mukaliphimba limapitiriza kudya kunsi.

Mankhwala ake ndi viniga woyera, amene m'masitolo alemba vinagre. Mizani zigawo zacitsulo tsiku limodzi kapena awiri, kenaka kwecani ndi burashi ya waya. Tsukani m'madzi osungunuliramo soda wophikira kuti asidi athe mphamvu, nimuumitse padzuwa nthawi yomweyo, cifukwa citsulo camaliseceseco cimagwiranso dzimbiri tsiku lomwelo. Citseko ca cizindikiro cija sitinacimize. Tinangocipala m'mbali mosamala.

Tsono pano tamverani bwino. Penti yambiri yakale inali ndi mtovu. Boma la America linaletsa penti yotere pa zoseweretsa za ana mu 1978, kotero cinthu ca zaka za m'mbuyo mwake muciyese cokaikitsa. Mtovu ukalowa m'thupi la mwana umaononga ubongo, mwana nkumavutika kugwira zinthu m'kalasi, ndipo cimene caonongekaco sicicira. Cifukwa cake musapale pouma ai. Nyowetsani sandipepala kuti fumbi lisauluke, gwirani nchitoyo panja, kutali ndi ana ndi amai oyembekezera. Musaoche penti pamoto. Madzi akudawo mutaye m'dzenje, kutali ndi citsime ndi dimba, ndipo musambe m'manja musanagwire nsima.

Cacinai: kupaka

Yambani ndi penti yoyambira yochinga dzimbiri. Kuno ambiri timaicha zarcão, koma dziwani kuti zarcão weniweni wakale anali mtovu wofiira. Werengani pa citini, mugule yolembedwa kuti sem chumbo, ndiko kuti yopanda mtovu. Cimodzimodzinso ndi penti ya pamwamba. Pakani mopyapyala kawiri kapena katatu, kudikira kuti iume musanabwereze. Yocindikala imadontha ndipo m'kati siiuma. Mukatha, isiyeni sabata yathunthu pamalo popanda fumbi. Cizindikiro cija tinaciphimba ndi pepala popaka, ndipo pambuyo pake tinacikuta ndi vanishi.

Cacisanu: kuipatsa maonekedwe a kwathu

Mutu wa lole tinaubwezera mtundu wake wofiira, umene tinaupeza kunsi kumene dzuwa silinafike. Koma ngolo inali itataya mbali zake zonse, panalibenso cakale coti tisunge. Apa mwini wake anali ndi ufulu. Anafuna kuti ifanane ndi malole onyamula mbatata ya kacewere kucokera ku Tsangano ndi ku Ulongwe kupita ku Tete. Tinasema timatabwa ta mbali, tinasoka tenti ndi kansalu kolimba, ndi timatumba todzaza mcenga.

Malo ofunika kwambiri ndi pamene ngolo imakoleka. Pa malole eni eni pali cikhomo cimene cimalowa m'mbale yacitsulo ya kumbuyo kwa mutu, ndipo ngolo imazungulira pomwepo pokhota. Cikhomo cathu cinali citathyoka, ndiye tinaika bawuti ndi manati awiri omangana, kusiya kampata kuti ngolo ikhote osakhula kabini. Matayala awiri osowa tinadula ku mphira ya tayala lakale. Ife amene tinakulira pa magalimoto a mawaya nchito imeneyi si yacilendo. M'malo mwa maliveti tinamanga timabawuti, kuti mawa wina adzathe kumasula osaononga. Nsonga zonse zakuthwa tinazisalaza ndi tupa.

Pa mbali ya ngolo mwini wake analemba yekha dzina la atate ake ndi la mudzi wao, atayamba wayesa ndi pensulo papepala.

Tinagwirizananso lamulo limodzi. Popeza cizindikiro cija cili pa penti yakale, ndiponso timabawuti tingathe kutsamwitsa, mwana wosakwana zaka 3, amene aika ciliconse m'kamwa, asapatsidwe. Okulirapo aseweretse, koma madzulo ilowe m'nyumba, isagone pa mame.

Nchito yonse inatitengera masabata atatu, ndipo masiku ambiri anali a kudikira cabe. Tsamba lija la m'kope, lonena za kumene lole inacokera, amene anabwera nayo ndi m'mene inapulumukira nkhondo, bamboyo analipinda nkuliika m'kabini. Mukapeza cinthu cotere m'mudzi mwanu, uzani mwini wake ayambe walemba tsamba lotere, penti ibwere pambuyo.