Dzina Limene Ophunzira Achikuda Analikana ku South Africa

Amene anapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni m'masiku a Wenela akukumbukira zikwangwani zimene zinali pa masiteshoni a sitima ndi pa makomo a positi ofesi. Khomo lina linali la Azungu, ndipo pa linzake panalembedwa mawu a Chingerezi akuti "non-white", ndiko kunena kuti "wosakhala Mzungu". Chodabwitsa nchakuti mawu omwewa ankatulukanso m'kamwa mwa Azungu amene ankadana ndi boma la tsankho, ndipo mkangano waukulu pakati pa ophunzira a dzikolo unabadwira pomwepa.

Bungwe la ophunzira la NUSAS, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1924, linkatsutsa tsankho poyera. Koma ambiri mwa mamembala ake anali Azungu a m'sukulu zaukachenjede zolankhula Chingerezi, kotero kuti anthu akuda, ngakhale anali ochuluka m'dziko, m'bungwemo anali kagulu kochepa. Ndalama zinali za Azungu, mipando yambiri inali yawo, ndiponso pa mtsutso anali iwo odziwa kuluka Chingerezi. Wakuda ankaombera m'manja pamene ena ankamulankhulira za mavuto ake.

Zinthu zinafika poipa mu July 1967, pa msonkhano wa ku Rhodes University mu mzinda wa Grahamstown. Akuluakulu a sukuluyo anakana kuti nthumwi zachikuda zigone m'zipinda za ophunzira, nazitumiza kukagona m'nyumba ya tchalitchi. Anzawo achizungu anadzudzula mchitidwewo, koma msonkhano unapitirira ndithu. Mmodzi mwa onyozedwawo anali Steve Biko, amene ankaphunzira za udotolo ku Durban. Iye pamodzi ndi anzake monga Barney Pityana anayambitsa bungwe la akuda okhaokha la SASO, ndipo pa msonkhano wa ku Turfloop mu July 1969 Biko anasankhidwa kukhala mtsogoleri wake woyamba.

Azungu ena anamva kuwawa, nati kudzipatula kotereku ndi tsankho lomwelo limene boma linkafuna. A SASO anayankha kuti wopsinjidwa sangaphunzire kuyenda yekha ali chiberekedwere kumsana kwa womumvera chisoni.

Tsono anayamba ndi dzina. Anati kutchula munthu "wosakhala Mzungu" ndiko kumuyeza ndi muyeso wa Mzungu, ngati kuti iye ndi Mzungu wolephera. M'malo mwake anadzitcha "black", wakuda, koma analipatsa liwulo tanthauzo latsopano. Silinaimirenso khungu lokha ayi. Linaphatikiza Aafirika, Makaladi ndi Amwenye, onse amene malamulo ankawapondereza ndipo anavomera kulimbana ndi tsankho ali pamodzi. Nzeru yake inali yakuya, pakuti boma linali litagawa magulu atatuwa dala, kulipatsa lililonse sukulu zake ndi malo ake okhala. Dzina lakalelo sanalitaye kotheratu, koma analisungira wakuda wotumikira boma la tsankho, monga wapolisi, ndipo linasanduka chitonzo. M'chaka cha 1972 nyuzi ya Rand Daily Mail ya ku Johannesburg inaleka kulilemba.

Komabe bungwe lobadwa mwa kutsutsa akulu ake silinapirire wotsutsa wa m'nyumba. Mu July 1972, pa msonkhano wa ku Hammanskraal, mtsogoleri wa SASO wa nthawiyo, Temba Sono, ananena kuti nkofunika kumakambirana ndi atsogoleri a madera amene boma linapatulira mitundu ya akuda, ngakhalenso ndi Azungu ena. Nthumwi, Biko ali momwemo, zinati mawuwo ndi osemphana ndi mfundo za bungwe. Zinamuchotsa pa mpando ndi kumutulutsa mumsonkhanomo.

Biko anamwalira m'manja mwa apolisi ku Pretoria pa 12 September 1977, ndipo pa 19 October chaka chomwecho boma linaletsa SASO pamodzi ndi mabungwe ena a akuda.